Che Jafali ndi Matumba Atatu a Dzimbiri

Lamulungu lapitali kunali sadaka ya Che Jafali, atakwana masiku makumi anayi chiwaikire m'manda. Ine si Msilamu, koma anandiitana, ndipo ndinakhala chapambali pamodzi ndi Akhristu ena a muno m'Kabwata, tikumvera mashehe akuwerenga zimene sitinkazimva. Anthu anali ochepa kuposa momwe ndinkayembekezera. Ambiri anali amisiri ndi amalonda ochokera kwathu ku Nyasalande. Titadya mpunga, bambo wina wa ku Matero anandifunsa ngati malemuwa ndi aja anapita kupolisi ndi matumba a dzimbiri. Ndinati ndi omwewo. Anafuna kuti ndimufotokozere, koma pamalo ngati pamenepo sipofotokozera nkhani yaitali.

Che Jafali anali Myao wa ku Fort Johnston, wamfupi, wamapewa otambalala, wosalankhulalankhula. Mzuli wawo woyera unali ndi timabowo tambirimbiri towotchedwa ndi nthethe za moto, ndipo akazi awo, Abiti Saidi, anatopa nako kuwasokera wina. Anachoka kwawo wapansi ali mnyamata, nagwirako ntchito ku Halale, kenako anafika kuno ku Lusaka nakhazikika pa galaja ya mzungu wina pafupi ndi njanji. Pa chitupa chawo analembedwa kuti ndi boyi wa masipanala, chifukwa ntchito yowotcherera inali ya azungu okhaokha. Koma eni magalimoto akangotuluka pa geti, moto wowotchererawo unkakhala m'manja mwa Che Jafali, mzungu wolembedwa ntchitoyo ali pamthunzi ndi fodya wake. Sindinawamvepo akudandaula za zimenezi. Ankangoti pepala silinalumikizepo chitsulo.

Ine ndine telala. Ndimasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Kamwala, ndipo nyumba yanga inayang'anana ndi ya Che Jafali. Zimene ndikulembazi zambiri ndinaziona ndili pakhomo panga.

Anali ndi chizolowezi chogogoda chitsulo chilichonse chimene adutsa pafupi nacho. Ndowa ya munthu, chitseko cha lole, mtengo wa nyali za mumsewu wa Cairo, ankagogoda ndi mfundo ya chala, natchera khutu pang'ono, nkumapitirira. Nthawi zina ankabwerera kukauza mwini ndowa kuti isanathe mvula ya chaka chino idzayamba kudontha, ndipo anthu sankawakonda chifukwa cha zimenezo, makamaka popeza zinkachitikadi. Moto ukayaka m'manja mwawo sankayankha moni wa munthu aliyense, ngakhale shehe. Umayenera kuima mpaka atamaliza mzere umene auyamba.

Misonkhano ya ndale sankapitako. Masiku ano aliyense ali ndi mawu pa nkhani ya Chitaganya cha maiko atatuwa, koma iwo ndinawamva kamodzi kokha. Anyamata ena atawakakamiza kuti anenepo maganizo awo, anati zitsulo zitatu zimene sunazipale dzimbiri ukhoza kuziwotcherera ndi moto waukulu bwanji, zidzaoneka ngati zagwirana, koma tsiku lina zidzasiyana pomwe unazilumikizapo. Atatero anawapempha anyamatawo kuti asunthe, akuwatchingira kuwala.

Galimoto imene inadzawafikitsa kupolisi anaipeza ku Woodlands, dera la azungu. Dona wina wamasiye anawaitana Lamulungu lina kuti akamukonzere thanki ya madzi. Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mabulosi, panali galimoto ya malemu mwamuna wake, ya nkhondo isanayambe, ya mamudigadi akuluakulu obulungira ndi nyali zoimirira paokha ngati maso a nkhanu. Inakhala pamenepo mvula zambiri. Nkhuku zinkaikira m'kati mwake. Donayo ataona kuti mmisiriyo wasiya thanki nkumazungulira chibakuwacho akugogoda, anawauza kuti ngati akuchifuna achichotse, chikumuipitsira pabwalo. Anawalembera kakalata kakuti apolisi asawavutitse panjira, konena kuti munthu uyu ndamupatsa zitsulo zakutha za kuseri kwa nyumba yanga. Kakalatako anakasunga m'kachitini ka tiyi.

Tinaikankha anthu asanu ndi atatu kuchokera ku Woodlands mpaka kuno, matayala titawapakira udzu. Pansi pake panalibe. Che Jafali anayala thabwa popondapo, ndipo ankawongolera akuona msewu ukudutsa pakati pa miyendo yawo. Titalowa m'komboni anthu anatuluka m'nyumba kudzaseka. Chitseko chimodzi chinagwa pakona, mayi wina nachitola natitsatira nacho pamutu.

Chifukwa chimene anaifunira sanandiuze iwo. Anandiuza Abiti Saidi patapita zaka. Che Jafali anali asanabwererepo kwawo chichokereni, ndipo abale awo anali atayamba kale kuwatchula kuti mtchona, munthu wotayikira kunja. Iwo analumbira kuti popeza anachoka ndi miyendo, sadzabwerera ndi miyendo, kapena pa lole ya munthu wina. Adzalowa m'mudzi mwawo akuyendetsa yawoyawo.

Ntchitoyo inatenga mvula zisanu. Ankaigwira akaweruka, dzuwa lisanalowe, ndi Lamulungu lonse. Kuno kulibe magetsi, ndiye ankawotcherera ndi gasi. Mpweya umodzi ankapanga okha m'chigubu chimene anakhoma, madzi akudonthera pa miyala ya kabaidi, fungo lake lofika mpaka kumpopi. Winawo unali wa m'botolo lachitsulo, lotsala pang'ono kutha, limene bwana wa pagalaja ankawalola kubwera nalo Loweruka pa njinga nkulibweza Lolemba. Poyamba anavula galimoto yonse mpaka inatsala mafupa okhaokha pa njerwa. Kenako anayamba kudula. Ankati dzimbiri lili ngati bodza, kamene ukuona pamwamba nkakang'ono, lenileni lafalikira pansi pa penti, ndipo ukalinyengerera nkusiya kachidutswa, ntchito yonse waitaya. Ndiye ankadula mpaka atapeza chitsulo chowala, ngakhale zitatanthauza kuchotsa theka la chitseko.

Chitsulo chatsopano ankachiumba pa chitsa cha mtengo chimene anachikumba ngati mtondo wosaya, ndipo ankasalaza ndi hamala yaing'ono pa chidutswa cha njanji. Mudigadi imodzi inawatengera kuyambira kokolola mpaka kolima. Kugogoda kwake kunali kwa pang'onopang'ono, kosalekeza, ndipo tinakuzolowera moti tsiku lopanda kugogodako akazi ankafunsana ngati bambo wa pakonapo akudwala. Mizere yowotchererayo ankaikwirira ndi mtovu wosungunula, akuupaka ndi kamtengo kosalala konyika m'mafuta. Kugalaja ankagwiritsa ntchito mafuta alionse, koma iwo ankafuna a nkhosa yozingidwa mwa Chisilamu basi.

Amene anakangana nawo kwambiri ndi Bana Mwape, mayi wa Chibemba wa nyumba yoyandikana nayo. Nyumba zathu nzozungulira, zofolera ndi udzu, ndipo mayiyo sankalakwa poopa moto. Tsiku lina chigubu cha kabaidi chija chinaphulika, chivindikiro chake nkukatera padenga la mayiyo. Che Jafali anatsala opanda nsidze. Bana Mwape anatuluka ndi mthiko m'manja.

"Ba Jafali, imwe muzatishoka tonse na motoka yanu iyi! Manje nyumba ikapya, bana banga bazagona kuti? Mu motoka yanu yamene ilibe na pansi?"

Che Jafali anawamvetsera mpaka anamaliza, nakwera padenga kukatsitsa chivindikiro chawo. M'mawa mwake anaimika mpanda wa malata akale mbali imeneyo, naika ndowa ziwiri za madzi zimene sizinachokepo mpaka ntchito inatha. Poto wina wobooka wa Bana Mwape anapezeka pakhomo pawo atamatidwa. Sanathokoze, ndipo anapitiriza kukalipa zaka zonse zisanu, koma kwa kapitawo wa komboni sanakanene.

Ndi akazi awo inali nkhani ina. Abiti Saidi ankaitchula galimotoyo kuti mkazi mnzanga. Tsiku lina pobwera kumsika anapeza mgolo wawo wosungira madzi utang'ambidwa pakati, utawongoledwa bwinobwino, amuna awo akuuyeza pansi pa galimoto. Unali mgolo wa mafuta a injini, wa chitsulo chokhuthala, zilembo zake zofiira zikuonekabe. Sanafuule. Anangosiya kuwatungira madzi osamba kwa mwezi wathunthu, ndipo tinkawaona bambo aja, munthu wa imvi, ali pamzere wa pampopi pakati pa akazi, ndowa ili m'manja, nkhope ili gwa.

Ine ndinakangana nawo pa mipando. Anandibweretsera nsalu yofiira yolimba, yonga chikopa, kuti ndiisoke m'mizere yotalikirana zala ziwiri. Ndinasoka. Anabwera nayo kukhonde kwanga ku Kamwala ndi kawaya koyezera, nandionetsa pamaso pa makasitomala anga kuti mizere itatu yapatuka. Ndinawauza kuti munthu akakhalapo matako sawerenga mizere. Anati iwo awerenga. Tinatha miyezi iwiri osalankhulana, kenako ndinaphwasula nkusokanso. Pa mpando wakutsogolo ankanena zoona. Pa wakumbuyo mpaka lero ndimati kawaya kawo ndi kamene kanali kokhota.

Maso anayamba kuwavuta ntchito isanathe. Magalasi awo akuda anali osweka mbali imodzi, ndipo m'malo mwake anaikamo galasi wamba lodetsedwa ndi utsi wa kandulo. Chaka chomaliza misozi inkangotuluka yokha. Posalaza ankadalira dzanja. Ankayala kansalu kopyapyala pachitsulo nkumayendetsa chikhatho, maso atatsinzina, ndipo ankapeza tizigwa timene ine ndi maso anga abwino sindinkationa. Penti anapopera ndi pampu ya mankhwala a udzudzu, wobiriwira moderako, kasanu ndi kawiri, akukhula ndi madzi pakati pake. Ankasankha m'mawa wopanda mphepo, atathira madzi pabwalo ponse kuti fumbi ligone.

Injini italira koyamba, Abiti Saidi anaimba nthungululu asanakumbukire kuti amadana nayo.

Panatsala chinthu chimodzi. Kuti galimoto ilembedwe m'dzina lawo ndi kupatsidwa chilolezo choyenda pamsewu, pankafunika buku lake, ndipo bukulo linali likadali ku Woodlands. Che Jafali anaganiza zokalipempha, komanso ankafuna kuti dona uja aone chimene chatuluka m'khola la nkhuku zake. Lamulungu lina m'mawa anavala mkanjo woyera. Akazi awo anakhala kumbuyo, ine kutsogolo. Tinayenda pang'onopang'ono, ndipo alonda ndi anyamata a m'maluwa a m'mipanda ya azungu ankaimirira kutiyang'ana.

Donayo anali atamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo. M'nyumbamo munali mwana wake, bambo wamtali wochokera ku migodi, amene sitinali kumudziwa. Anatuluka ndi kapu m'manja, nayang'ana nambala ya galimotoyo, imene Che Jafali anaiwongola nkuilembanso mmene inalili. Nkhope yake inasintha. Anaizungulira kawiri, nasisita chitseko, nati iyi ndi galimoto ya bambo ake. Che Jafali anavula mzuli navomera kuti inalidi ya bambo ake, natulutsa kakalata kaja. Munthuyo anawerenga, nati mayi ake anapereka zitsulo zakutha, sanapereke galimoto, ndipo buku likunena dzina la bambo ake. Analowetsa dzanja pawindo nazula kiyi. Pasanathe ola apolisi anafika. Anatenga Che Jafali ndi galimoto yomwe. Ine ndi Abiti Saidi tinabwerera ku Kabwata wapansi, iwo atanyamula nsapato zawo zatsopano m'manja. Ulendo umenewo ndi wokhawo umene mayiwo anakwerapo galimoto ija.

Madzulo ndinaloledwa kuwaona pang'ono popereka chakudya. Mlandu unali wakuba. Akanapezeka olakwa, inali ndende, kenako kuthamangitsidwa m'tauni. Sanaoneke odandaula. Anandiuza kuti kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa malata, pali matumba atatu, ndipo ndibwere nawo m'mawa osatayapo kanthu.

Sindinkadziwa kuti chidutswa chilichonse chimene anadula anachisunga. Ankayezera pomwepo poumba chatsopano, ndipo akatha sankataya. Matumbawo anali olemera. Amene anandithandiza kukankha wilibala mpaka kupolisi anali Bana Mwape, akunyinyirika njira yonse kuti anawauza kale kuti motoka iyi izabweletsa milandu.

Mkulu wa apolisi anali mzungu wachinyamata wolankhula Chinyanja cha m'buku. Anatitulutsira kubwalo kumene kunali galimotoyo, mwana wa dona uja ali pomwepo ndi buku m'manja. Che Jafali anapempha chilolezo, namasula matumba, nakhuthula. Fumbi lofiira linakwera mpaka apolisi anayamba kutsokomola. Kenako anagwada nayamba kuyala zidutswazo pansi, pambali pa galimoto yobiriwirayo, chilichonse pamalo pake. Sankafulumira. Ankachitola, nachipapasa m'mphepete, nanena dzina lake.

"Ichi ndi pansi pa chitseko chakumanzere. Ichi ndi popondera pokwera. Izi zinayi ndi mudigadi yakutsogolo. Apa pamene palibe kanthu ndi pamene pankakhala mapazi a woyendetsa. Pamenepo sindinapezepo chitsulo, bwana, ndinapeza zitosi."

Inatenga nthawi, ndipo apolisi ena anasiya ntchito zawo kudzaonerera. Atamaliza, pansi panali galimoto yachiwiri, yathyathyathya, ya mabowo okhaokha. Anaimirira, napukuta manja pa mkanjo woyera uja.

"Imene anandipatsa dona ndi iyi. Ngati mwana wake akuifuna, atenge, matumba ndimupatsa aulere. Koma iyo," analoza yobiriwirayo, "muvundukule mphasa ya pansipo muone."

Mkulu wa apolisi anatsegula chitseko navundukula. Zilembo zofiira za mgolo wa Abiti Saidi zinali pomwepo, chadodolido. Anayang'ana kwa kanthawi, nawerenganso kakalata ka dona, nalankhula ndi mnzakeyo m'Chingerezi motsitsa mawu. Winayo anakweza mawu, koma wapolisiyo anapukusa mutu. Kenako anatembenukira kwa Che Jafali.

"Palibe kuba pano. Tenga galimoto lako, pita kwanu. Koma buku ndi katundu wa bwana uyu. Ine sindingathe kumulanda."

Che Jafali anafunsa mwaulemu ngati bwanayo angawapatse bukulo. Munthuyo analipinda naliika m'thumba la malaya, nanyamuka osayang'ana m'mbuyo. Anabwerera ku migodi mwezi womwewo. Kalata ziwiri zopita kwa iye zimene Che Jafali anandilembetsa sizinayankhidwe. Ku ofesi yolembetsa magalimoto anapitako katatu, ndipo katatu konse anauzidwa kuti popanda buku, kapena siginecha ya mwini dzina, palibe chimene angachite.

Anthu amene amasimba nkhaniyi m'mabawa amathera pa matumba paja, ndipo amaseka kuti mdala anagonjetsa mzungu. Amasiya kunena kuti tsiku lomwelo galimoto inabwerera ku Kabwata wapolisi ali pambali pa woyendetsa, ndipo sinatulukenso pamsewu waukulu. Zidutswa zija Che Jafali anazitolera m'matumba nabwera nazo, chifukwa mwini wake sanazitenge.

Inakhala pakhomo pawo zaka zitatu, yofundidwa ndi lona. Lachisanu lililonse akachokera ku mzikiti ankaivundukula, naipukuta, nailiza kwa kanthawi, atakhala pampando manja ali pa chiwongolero. Anthu anawalangiza zambiri. Ena ankati agule nambala ya galimoto ina yakufa, ena ankati angonyamuka mbandakucha, pofika ku Luangwa palibe adzawafunse. Anakana zonse. Anati salowa m'mudzi mwa amayi awo ngati mbava. Maso nawo anapitirira kufa, mpaka kugalaja anawachotsa pa moto nkuwaika kosesa ndi kulondera zipangizo. Abiti Saidi anawapempha kangapo kuti angokwera basi ngati anthu ena. Ankayankha kuti aona chaka chamawa.

Anadwala chifuwa sabata ziwiri zokha. Anamwalira masana, Lachiwiri, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa mwambo wawo, konkuno ku Lusaka. Anawanyamula pamapewa.

Nyumbayo ndi ya boma la tauni, ndipo mkazi wamasiye saloledwa kukhalamo, choncho Abiti Saidi atengedwa ndi mlongo wawo wa ku Kamwala mpaka masiku awo olira atatha, kenako apita kwawo. Galimoto mayiwo anaigulitsa kwa mlimi wina wa ku Chongwe, amene akuti pafamu pake palibe wofunsa buku. Ananena yekha kuti achotsa mpando wakumbuyo kuti azinyamuliramo zigubu za mkaka. Anabwera ndi lole nkuikoka ndi tcheni, ine ndili kuntchito.

Pamene inkaima patsala malo a makona anayi, dothi lake lotuwa kuposa la pabwalo ponse, lolimba ngati simenti. M'makona muli timaenje tinayi tosaya, ndipo mpheta zimabwera kudzasamba fumbi m'menemo. Mvula yoyamba inagwa sabata yatha, udzu wayamba kumera mozungulira, koma m'katimo simunamere kanthu. Njira yopita kumpopi imadutsa pamenepo. Ikanatha tsopano kuwongoka, chifukwa palibenso chotchinga. Koma m'mawa uliwonse ndimaona akazi ndi ndowa pamutu akufika pamalopo, nkukhota, nkulambalala m'mphepete mmene ankachitira kale, nkukalowanso m'njira kutsogolo.